Mudzi wa Mapesi

1. Nthumwi yotunga madzi

Sukulu zitatseka mwezi wa Ogasiti, m'mudzi wa kwawo kwa Misozi, kufupi ndi Mpanshya, munamveka nkhani yokoma. Kunali kudzachitika tsiku la masewera a ana pabwalo la mpira, ndipo alendo anali kudzachokera ku Rufunsa ndi ku Lusaka komwe.

Amene anabweretsa ganizoli anali ba Charity, mayi wa bungwe lina la mumzinda. Asanakwere minibasi yobwerera anasiya mawu amodzi: mu komiti mukhale mwana, ndipo ana anene okha zimene akufuna kuchita pa tsiku lawo.

Ana anasankha Misozi. Anali wa giredi seveni, wamtali, wa mawu omveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ananyada kwambiri, ndipo tisamunene, aliyense akadanyada.

Msonkhano woyamba unachitikira pansi pa mtengo wa mango. Akuluakulu anakhala pamipando, Misozi anakhala pansi. Wapampando anali ba Phinias, bambo wa chipewa chansalu ndi njinga yakuda, amene ankayenda mokoka mwendo wamanzere. Asanalankhule ankayamba watsokomola, kenako n'kunena kuti, "Mwachidule." Amene ankawadziwa, akamva mawu amenewa, ankakonza pokhala chifukwa ankadziwa kuti dzuwa lipendeka.

Atangotha kupemphera, ba Phinias anati, "Misozi mwana wanga, thamangila manzi yakumwa."

Misozi anathamangira kumjigo. Pobwera anapeza agwirizana kuti ana adzaguba pamzere. Asanakhale n'komwe, mbuzi zinalowa m'dimba la pafupi.

"Misozi, mbuzi izo!"

Pobwera kombuzi anapeza agwirizana kuti kudzakhala ndakatulo ya Chingerezi yothokoza alendo. Anamutumanso kukabwereka benchi. Pobwera ndi benchiyo anamva kuti alendo adzakhala mu tenti, ana adzaima padzuwa.

Pomaliza penipeni anamukumbukira. Anamukhazika pampando wa ba Phinias, namupatsa cholembera, namuuza kuti amwetulire. Foni inajambula, chithunzi chinapita ku Lusaka. Kenako anamuuza kuti anyamule mpandowo akaubweze kwa eni ake.

2. Zimene ana ankafuna

Pambali pa bwalo la mpira panali munda wa ba Phinias, wokololedwa kale. Eni ake ankakhala kutsidya kwa mtsinje ndipo chikololereni sanapondemo. M'menemo ana anamanga masanje.

Sanali masanje wamba. Munali tinyumba ta mapesi ndi udzu, tina tofika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pakati panadutsa msewu wosesedwa bwino, umene anawo ankati ndi wopita ku Chipata, ndipo magalimoto awaya ankathamangamo tsiku lonse. Munali khola la ng'ombe zadothi, msika, ndi chipatala chimene dokotala wake ankachiritsa matenda onse ndi masamba a gwafa. Atsikana ankakunkha chimanga chotsalira m'munda n'kumakazinga m'zitini pa timafuwa ting'onoting'ono.

Ana ankafuna chinthu chimodzi: pa tsiku la masewera alendo adzatsike pamipando, adzalowe m'mudzi wawo wa mapesi, adzayende mumsewu wawo, adzadye chimanga chawo.

"Nanga bakamba chani ku komiti?" anafunsa Edness, mnzake wa Misozi wa pamtima.

"Nikali kukamba nabo," anayankha Misozi.

"Ukali kukamba, olo ukali kutapa manzi? Tinakuona na baketi pamutu, ba membala."

Ana anaseka. Misozi anapsa mtima chifukwa zinali zoona.

Pa msonkhano wotsatira sanadikire kutumwa. Pemphero litangotha, anagwada nati, "Ba cheyamani, nili na mau ya bana."

Anafotokoza za masanje, za msewu, za chipatala cha gwafa. Amayi ena anamwetulira. Koma nkhope ya ba Phinias inasintha, ndipo tsiku limenelo sanatsokomole, sananenenso kuti mwachidule.

"Masanje? M'munda mwanga? Mumaphikamo?"

"Timakazinga chabe chimanga."

"Mvela, mwana iwe. Balendo sibangachoke ku Lusaka kubwela kuona vinyalala. Pa Chibelu kuseni munda uja nizautentha, mamotoka ya balendo yazaimilila pamenepo. Uuze banzako bachotse vikopo vao."

Chibelu ndi Loweruka, ndipo Loweruka limenelo linali la sabata yomweyo.

"Koma ba Charity banakamba kuti bana..."

"Ba Charity bali ku Lusaka. Tenga baketi."

3. Chenjezo la ba Rosina

Misozi ankakhala ndi ba Rosina, mng'ono wa mayi ake, amenenso anali mu komiti. Madzulo a tsikulo awiriwa anakhala pakhonde akusenda mtedza. Misozi ankaswa makoko mwamphamvu moti mtedza unkathawira pabwalo, nkhuku n'kumakondwera.

"Nshawa izo sizinakulakwile," anatero ba Rosina.

"Ba anti, munali pamenepo, simunakambeko olo liu limodzi!"

Ba Rosina anaika lichero pansi.

"Khala bwino unimvele. Sininakambe kuti ulibe mlandu wabwino. Uli nao. Banakuitana kuti ukambe, koma bakutuma monga kapolo, ndipo naine chinanibaba. Koma munthu mukulu sumugonjetsa pa gulu. Ukamukakamiza pamaso pa banthu, olo azibe kuti walakwa, sangabwelele kumbuyo, chifukwa manyazi yamamanga munthu kupambana nthambo. Mailo kuseni uoloke mumana, uyende kunyumba kwao. Upeze bali beka. Ugwade, upeleke moni, usathamangile nkhani. Pamene apo ufunse kuti, 'Batate, masanje yanakulakwilani chani?' Ufunse kuti umvele, osati kuti uwine. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana wa mukulu wanga. Iwe uli na kamwa yakuthwa monga ya amai bako. Kamwa yakuthwa ni mphatso, koma mpeni sugwila kumaso kwake. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo uzakutsata."

Anatolanso lichero, nawonjezera motsitsa mawu, "Ndiponso munthu uja ali na chifukwa chake chozondela masanje."

"Chifukwa chanji?"

"Si nkhani yanga yokamba. Kabafunse beve."

Misozi anadzuka n'kukutumula makoko pa chitenje. "Imwe bakulu muli chimozimozi! Chilichonse ni 'kafunse, kafunse'. Munthu akafunsa, mumupatsa baketi."

Ba Rosina anangopukusa mutu. Chenjezo lonse lija linalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

4. Msonkhano wa m'masanje

M'mawa mwake Misozi sanawoloke mtsinje. Anapita kumasanje, asanadziwe n'komwe mmene akauzire anzake za moto wa Loweruka.

Anapeza ana ali gwaa kuseka. Pakati pawo, pa chitini chogadabuza, panakhala Daliso, mlongo wake wa giredi wani, atavala chikho cha mphonda kumutu. Kamnyamata kameneka kanali ndi maso oona chilichonse, ndipo kankatha kutsanzira ngakhale tambala wa chimfine.

Daliso anatsokomola. "Mwachidule," anatero ndi mawu akuluakulu. "Misozi mwana wanga, thamangila manzi! Misozi, mbuzi izo!"

Misozi anaseka mpaka misozi yeniyeni inatuluka. Kuseka kutatha, ganizo linamufikira.

Lachisanu masana kunali kudzachitika kuyeserera komaliza pamaso pa makolo ndi komiti. M'ndondomeko yonse ana anapatsidwa kampata kamodzi kokha, ka sewero lalifupi lophunzitsa kusamba m'manja.

Misozi anasonkhanitsa anzake nawauza za moto. Ang'onoang'ono ena anayamba kulira. Iye anakweza dzanja.

"Musalile. Pa Chisanu sitizasamba m'manja. Tizabaonetsa mitingi yao mwamene ilili. Bakaziona beka, bazamvela nsoni, bazasiya masanje yathu."

Anagawa mbali. Edness akhala nthumwi ya ana yonyamula baketi. Ena akhala a komiti ogwedeza mitu, ena mbuzi. Daliso akhala wapampando. Anayeserera mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo sewero linakoma.

Koma Misozi sanakhutire. Mtima wopsa sudziwa polekera.

"Daliso, pothela uime, uyende kuchoka apa kufika paja. Uzikoka mwendo uyu. Ona."

Iye mwini anayenda patsogolo pawo, akukoka mwendo wamanzere m'fumbi, phewa litapendekeka. Daliso anamutsatira pambuyo, ndipo ulendo wachiwiri anali atamuposa kale mphunzitsi wake.

Edness sanaseke. "Misozi, vya mwendo visiye. Chifuwa na chipewa vakwana."

"Popanda mwendo bazaziba bwanji kuti ni beve?"

"Bazaziba. Mudzi onse uziba munthu wa 'mwachidule'."

"Iwe sunanyamuleko benchi pamutu," anatero Misozi. "Mwendo ukhalapo."

5. Lachisanu

Lachisanu kunali mphepo. Fumbi linkazungulira pabwalo, amayi n'kumaphimba makanda ndi zitenje. Ana anaguba, wina ananena ndakatulo ya Chingerezi imene agogo ambiri sanaimve, ndipo anthu anawomba m'manja mwaulesi.

Ba Phinias anavula chipewa nachiika pa benchi kuopa mphepo. "Mwachidule," anatero, "manje tione sewelo ya ukhondo."

Daliso anatulukira atavala chikho chake, nakhala pa chitini. Anatsokomola. Anthu anayang'anana.

"Mwachidule!"

Bwalo lonse linaphulika. Edness akagwada kuti alankhule, ankatumwa madzi. Akabwera, mbuzi. Akabwera, benchi. A komiti aang'ono ankagwedeza mitu ngati abuluzi padzuwa. Kenako anamukhazika Edness pa chitini, namujambula ndi foni yadothi, namusenzetsa chitinicho.

Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa. Bambo wina wa mu komiti anabisa nkhope m'manja. Ndipo Misozi, ali chiimire m'mbali, anaona chinthu chimene sanachiyembekezere: ba Phinias nawonso ankaseka. Ankapukusa mutu, akuloza Daliso ndi chala, n'kumauza woyandikana nawo kuti, "Ka mwana aka! Nimachita so ine?"

Mayi wina anafuula, "Zoona, mwana tinamuvutitsa! Lekani bana bakambe!" Ena anavomereza.

Mlandu unali utapambana pamenepo. Misozi akadangokweza dzanja kuti sewero lithe, akadapita kwawo ndi masanje ake. Anaona Daliso akudzuka pa chitini. Anadziwa chimene chikubwera. Nthawi yomuletsa inalipo, koma kuseka kwa anthu kunali kutamukomera, ndipo anafuna kuti kupitirire.

Daliso anayenda. Anakoka mwendo wamanzere m'fumbi, phewa litapendekeka, ndendende.

Anyamata a kumbuyo anaseka chikhakhali. Koma kutsogolo, kumene kunakhala achikulire, kunagwa bata. Agogo wina anagwira pakamwa. Kuseka kwa anyamata kuja kunazilala pang'onopang'ono mpaka kunangotsala phokoso la mphepo ndi kukwekwesa kwa phazi la Daliso, amene sanadziwe kuti zinthu zasintha.

Ba Phinias anaimirira. Sanakalipe. Anamuitana Daliso ndi dzanja, mwanayo nabwera akumwetulira.

"Wayenda bwino maningi, mwana wanga. Anakuphunzitsa ndani?"

"Ba Misozi!" anayankha Daliso monyada, akuloza.

Maso onse anatembenukira kwa Misozi. Iye analakalaka nthaka itang'ambika.

Ba Phinias anamuyang'ana nati:

"Vya manzi na mbuzi namvela, ndipo nalakwa. Chifuwa mungaseke, chipewa mungaseke, na 'mwachidule' wanga mungaseke, ivo ninasankha neka. Koma mwendo uyu sininausankhe. Mwana wanga, ukafuna kuphunzitsa munthu, menya pa mulandu wake, osati pa chilonda chake. Mulandu munthu angaukonze. Chilonda azayenda nacho mpaka kumanda. Lelo waphunzitsa kamwana aka kuseka olemala, ndipo kaphunzila bwino. Siniziba ngati uzakwanitsa kukaphunzitsa kuleka."

Anatembenuka napita kumene anatsamiritsa njinga. Panalibe njira ina yopitira kumeneko koma kudutsa pakati pa bwalo, pamaso pa anthu onse, akukoka mwendo womwe uja. Palibe amene anadzutsa mutu.

6. Chipewa

Anthu anabalalika mwakachetechete. Pabwalo panatsala Misozi, Daliso ndi ba Rosina.

"Ninakuuza kuti ukafunse," anatero ba Rosina. "Manje nizakuuza ine, pakuti wang'amba kale. Ba Phinias bali mwana, okulilapo pang'ono pali Daliso, banamanga masanje na banzao kuseli kwa phili lija. Mwezi unali uno, mphepo inali iyi. Amai bao banabasiila kakhanda, mulongo wao, kuti balele. Beve banakagoneka mu kanyumba ka mapesi, ati ni mwana wa m'masanje. Batsikana banali kuphika panja. Mphepo inanyamula moto. Bana bonse banathawa, beve beka banangena. Banakatulutsa kakhanda, koma denga inabagwela pa mwendo. Banagona m'chipatala mpaka mvula inagwa. Kakhanda sikanafike m'mawa mwake."

Misozi anakhala pa benchi. Chisoni chinamugwira, manyazi anamugwira, koma mkwiyo nawo sunachoke.

"Nanga n'chifukwa chani sibanakambe? Bananiuza vya vinyalala na mamotoka! Sembe banakamba vya moto, sembe tinachotsa mafuwa tsiku lamene lija. Tingasewele masanje kopanda kuphika, ba anti! Bamatiitana kuti tikambe, koma beve sibatiuza chilichonse!"

"Apo wakamba zoona," anayankha ba Rosina. "Beve sibanakambe. Naine sininakambe. Naiwe sunafunse. Ona pamene tafika."

Daliso anamukoka mlongo wake chitenje. Chikho chija chinali chikadali kumutu, koma maso anali atadzaza misozi.

"Ba Misozi, banthu banaleka kuseka. Ninalakwitsa kuyenda?"

Misozi anamuvula chikhocho pang'onopang'ono. "Awe, Daliso. Unayenda mwamene ninakuphunzitsila. Olakwa ndine."

Pa benchi, pambali pake, panali chipewa chansalu chija. Eni ake anali atachiiwala. Misozi anachitola, nachikutumula fumbi.

"Uyenda kuti?" anafunsa ba Rosina.

"Kuoloka mumana."

"Wachedwa na masiku."

"Niziba."

Anatenga njira yodutsa m'mbali mwa munda. Koma sanafike kumtsinje. Pa ngodya ya munda, pa mtengo wa msuku, panatsamira njinga yakuda.

Ba Phinias sanapite kwawo. Anali ataima pakati pa mudzi wa mapesi, mumsewu wopita ku Chipata uja, pakhomo pa kanyumba kakang'ono kuposa tonse. Mkati mwake munagona chidole cha chitsononkho chofunditsidwa kansanza, ndipo pafupi ndi khomo panali timafuwa titatu ndi phulusa la dzulo. Mphepo inkagwedeza udzu wa padenga.

M'dzanja lawo munali bokosi la machesi.

Misozi anaima, chipewa atachigwira ndi manja awiri. Pesi louma linathyoka pansi pa phazi lake. Ba Phinias anatembenuka, ndipo iye anaona kuti masaya awo anyowa.

"Wabwela," anatero. "Sendela kuno. Niuze, mu kanyumba aka mumagona ndani?"